Zolemba za m'mphepete mwa Murray ndi Baedeker: pomwe ndafika

Mwezi uno ndamaliza kusanthula mabuku awiri akale olondolera apaulendo, onse a dziko la Switzerland: Murray wa m'ma 1860 ndi Baedeker wa m'ma 1890. Ndinawatola m'mashopu a mabuku a kaunjika kuno ku Britain. Chilichonse chomwe eni ake akale analemba m'mphepete mwa masamba ndikumachikopera m'kope langa, pamodzi ndi nambala ya tsamba.

Za kukongola kwa mapiri anthu aja sankalemba kwenikweni. Nkhani yawo inali ndalama ndi pogona. Mu Baedeker muja, pa tsamba la tauni ya Interlaken, wina anafufuta mtengo wa chipinda n'kulemba wake wokwererapo, kenaka n'kuwonkhetsa mafranc (ndalama za ku Switzerland) a chakudya, kandulo ndi wonyamula katundu kunsi kwa tsamba. Pa hotela ina yomwe bukulo linaipatsa nyenyezi, iye anangokhwatchapo mtanda ndi pensulo. Sanafotokoze. Mwina kama, mwina nsikidzi, kaya.

Kukangana ndi buku koteroko osindikiza ankakufuna. John Murray atatulutsa buku lake loyamba la apaulendo mu 1836, komanso a kampani ya Karl Baedeker ku Koblenz, ku Germany, onse ankapempha owerenga kuti akapeza cholakwika azilemba kalata. Mitengo inkasintha, mahotela ankasintha eni, ndiye buku lotsatira linkadalira maso a omwe ayenda kale. N'chifukwa chake ndimaona kuti zina mwa zolembazi zinali zokonzekera kalata, osati zongokumbukira ulendo.

Murray uja ndiye wandisangalatsa kwambiri, chifukwa muli malembedwe a anthu awiri. Woyamba, wa inki yofiirira, anadula mzere pansi pa maola okwera phiri la Rigi wapansi. Wachiwiri, wa pensulo, anangolemba pambali kuti tsopano kuli sitima. Njanji yochokera ku Vitznau kukwera Rigi inatsegulidwa mu 1871, choncho bukuli linabwereranso pa ulendo patapita zaka, m'thumba la munthu wina. Mabuku amenewa ankabwerekana, sankawataya chifukwa chakuti latsopano latuluka.

Baedeker wanga alibe chigawo chonse cha kumwera, ndipo wogulitsa ananditsitsira mtengo akuti ndi lowonongeka. Ine sindikuvomereza. Mawu oyamba a bukulo akunena okha kuti linagawidwa m'zigawo kuti munthu athe kuchotsa chomwe akufuna, chikwama chipepuke. Ulusi wake unadulidwa bwinobwino ndi mpeni, sikung'ambika ayi. Amene amasaka makope oyera osakhudzidwa, a chikuto chofiira chowala, asake ndithu; ine buku lomwe silinachokepo pa shelefu silindiuza kanthu.

Vuto lili pa pensulo yofufutika. Nyali ndikaiika cham'mbali, kuwala kukhale kopendekera, mikwingwirima ya papepala imaoneka ngakhale kuda kwake kunatha. Mapu opinda a m'mabukuwa sindikuwamata ndi selotepi, imasiya banga lachikasu. Ndikungowaika m'mapepala opanda asidi.

Chotsatira ndi Baedeker wa Egypt yemwe ali kunsi kwa bokosi. Ndasuzumiramo kale, masamba a Cairo ndi odzaza ndi manambala a mapiastre (ndalama za ku Egypt) olipirira kukwera abulu.