Zimene tinapeza m'kati mwa nkhuyu: lipoti la ulendo wa kalabu ya zachilengedwe

Anzanga a m'kalabu anandisankha kuti ndilembe za ulendo wathu wa ku nkhalango yotetezedwa, kuti amene anatsala nawonso amveko. Ulendowu tinaukonza pokumbukira 22 Meyi, tsiku limene bungwe la United Nations linapatula kuti anthu azilingalira za kusiyanasiyana kwa zamoyo. Tinatsagana ndi aphunzitsi athu a sayansi, ndipo pachipata anatilandira ndi bambo wina wolondera nkhalangoyo, yemwe anatitsogolera mpaka madzulo.

Malamulo anatipatsa tisanaponde n'komwe m'kanjira: osapatuka, osathyola kanthu, mwala ukautembenuza uubwezere mmene unalili, ndiponso osasokosera. Ambiri maso athu anali patali, kufunafuna nyama zikuluzikulu. Bambo aja anaona zimenezo, nati, "Ana inu, zambiri za m'nkhalango muno mukuziponda. Yang'anani pansi."

Aphunzitsi anatigawa m'magulu. Gulu lililonse linalandira chingwe ndi zikhomo zinayi, n'kuyeza kamalo ka mita imodzi mbali zonse, kenako n'kulemba chamoyo chilichonse chopezeka m'menemo. Tinayambira m'mphepete, pamene pawirira chitsamba chotchedwa Lantana camara. Maluwa ake ndi okongola, ndipo kukongolako ndi kumene kunachititsa kuti anthu achichotse kwawo ku Central ndi South America n'kukachidzala m'maiko ena. Mbalame zimadya zipatso zake n'kumwaza njere paliponse. Tinagwada pansi pake, koma zolemba zinatha m'mizere yowerengeka: nthaka youma, masamba ake omwe, nyerere, basi. Titabwereza ntchito yomweyo m'kati mwa nkhalango yeniyeni, tsamba la kope linadzaza tisanafike pakati pa kamaloko. Munali timitengo tongophuka kumene, ndere, bowa wa mitundu ingapo, akangaude, bongololo, nkhono zazing'ono ngati njere ya mpunga. Palibe amene anafunsanso chifukwa chake olondera amazula chitsamba chija.

Chapatsogolo tinapeza chimtengo chitagwa n'kutsekereza njira. Mnzathu wina anafunsa kuti, "Bambo, bwanji simuchichotsa?" Iwo anangokanganula khungwa pang'ono. Pansi pake panali chiswe, mphutsi za zikumbu ndi timaulusi toyera ta bowa. Anatifotokozera kuti zimenezi ndi zimene zimaphwanya mtengo kuti chakudya chimene unasunga moyo wake wonse chibwerere m'nthaka. Khungwalo analibwezera pamalo pake bwinobwino.

Koma phunziro limene linandigwira mtima linali pansi pa mkuyu. Aphunzitsi anatola nkhuyu yakugwa n'kufunsa ngati pali amene anaonapo maluwa a mkuyu. Tonse tinangoti chete. Anaing'amba pakati, n'kutiyendetsera galasi lokuzira zinthu mmodzimmodzi. Maluwawo ali m'kati mwa nkhuyu momwemo, ambirimbiri, otsekeredwa. Njuchi sizingawafikire, mphepo siingawafikire. Chimene chimalowamo ndi kamavu kakang'ono, kotalika pafupifupi mamilimita 2. Kamavu kakakazi kamadzipanikiza pa kabowo ka kunsonga kwa nkhuyu, ndipo kabowoko n'kothina moti nthawi zambiri mapiko amathothokera pomwepo. Kakalowa kamasiya mungu umene kabwera nawo kuchokera ku mkuyu wina, kamaikira mazira m'maluwa ena, kenako kamafera momwemo. Ana akaswa, aamuna amakhala opanda mapiko. Ntchito yawo ndi kukumana ndi aakazi ndi kuwaboolera njira yotulukira, ndipo ambiri kunja sakuona n'komwe. Aakazi amatuluka atanyamula mungu, ali ndi tsiku limodzi kapena awiri okha oti apeze mkuyu wina.

Padziko lapansi pali mitundu ya mikuyu yoposa 750, ndipo yambiri ili ndi mtundu wakewake wa mavu. Kamavu kakatha, mkuyuwo subalanso njere zomera. Ndiyeno tinayang'ana m'mwamba: mbalame zinali pikitipikiti m'nthambi, pansi pali nkhuyu zolumidwa ndi mileme usiku. Mikuyu siibala yonse nthawi imodzi, choncho imadyetsa nyama ngakhale pa nyengo imene mitengo ina ilibe zipatso. Nyama zazikulu zija tinkafuna kuona m'mawa, zina mwa izo chakudya chawo chagona pa kachilombo koti ukhoza kukapuntha osadziwa. M'kalasi tinalowezapo kuti zamoyo zimadalirana, koma ine ndinazimvetsa nditagwira nkhuyu ija m'manja.

Ku mtsinje sitinakhalitse chifukwa dzuwa linali litapendeka. Tinatembenuza miyala ya m'madzi n'kupeza ana a tombolombo, amene amakulira m'madzi asanamere mapiko, komanso timphutsi tina tomanga tinyumba ta mchenga n'kumayenda nato. Aphunzitsi anati tizilombo tina ta mtundu umenewu sitipirira madzi oipa, ndiye kupezeka kwake ndi umboni wakuti mtsinjewo udakali wabwino.

Tikupuma pa thanthwe, anatipatsa ziwerengero zimene tinalemba. Mu 2019, gulu la akatswiri a zamoyo ochokera m'maiko osiyanasiyana, lotchedwa IPBES, linanena kuti pa mitundu pafupifupi 8 miliyoni ya nyama ndi zomera, pafupifupi 1 miliyoni ili pachiopsezo chakutha, ndipo choyambitsa chachikulu pamtunda ndi kusintha kwa kagwiritsidwe ntchito ka malo, monga kugwetsa nkhalango. Maiko anasaina pangano loteteza zamoyo ku Rio de Janeiro, ku Brazil, mu 1992, ndipo mu 2022 ku Montreal, ku Canada, anagwirizana zoteteza 30 peresenti ya nthaka ndi nyanja pofika 2030. Mtsikana wina wa m'gulu langa anafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga zotsalazo atetezeko ndani?" Funsolo ndinaliona kuti ndi lenileni, pakuti mileme ndi timavu sizidziwa pamene mpanda wa nkhalango wathera.

Chodandaulitsa n'chakuti galasi lokuzira linali limodzi kwa tonsefe, ndipo ena anangosuzumira kamodzi mnzawo akuwakoka kale mkono. Komanso tinali ochuluka m'kanjira kamodzi, moti akumbuyo mbalame ankangozimva kwa akutsogolo. Pamsonkhano wotsatira tidzapempha kuti ulendo wina tidzayende m'magulu awiri, ndiponso kuti kalabu igule magalasi ena. Tagwirizananso kuti chingwe ndi zikhomo zija tiyambe kuyezera nazo pasukulu pomwe, kamodzi pa teremu, malo omwewo nthawi zonse, kuti amene adzalowe kalabuyi ife titachoka adzapeze kope loti ayerekezerepo.