Mmene ndinatsutsira msonkho umene anandiwerengera mpaka kukafika ku bwalo la apilo

Kalatayo inagona masiku 9 pansi pa chikwama cha makamera ndisanaitsegule. Ndinkadziwa kumene yachokera, ndiye tsiku lililonse ndinkangoti ndiiona mawa. Nditang'amba envulopu ndinapeza kuti ofesi ya msonkho yaunikanso mafomu anga a chaka china cha m'mbuyo, ndipo yapeza kuti ndinalipira moperewera. Anawonjezera msonkho, kenako chindapusa, kenako chiwongoladzanja. Chakumapeto, m'tizilembo tofunika kutsinzinira diso limodzi, analemba kuti ngati sindikugwirizana nazo ndili ndi masiku 30 oti ndipereke dandaulo polemba, ndipo masikuwo amayamba kuwerengedwa pa deti la kalatayo. Masiku 9 aja ndinali nditadya kale, osawerengera amene kalatayo inathera m'njira.

Nthawi imeneyi imasiyana dziko ndi dziko. Ku Britain munthu amakhala ndi masiku 30 ochitira apilo, pamene ku America amakhala ndi masiku 90 okasuma ku Tax Court, khothi la misonkho, akalandira kalata yomuuza kuti msonkho wake ndi woperewera. Chofanana m'mayiko ambiri n'chakuti ukachedwa, umayamba wapempha kaye kuti akumvere, ndipo akhoza kukana ngakhale mlandu wako uli wabwino chotani.

Ine ntchito yanga ndi yojambula zithunzi, ndipo ndimadzilemba ndekha. Palibe bwana wondidulira msonkho pa malipiro mwezi ndi mwezi. Chaka chikatha ndimawerengera zimene zalowa, n'kuchotsapo zimene ndawononga pa ntchito, n'kulipira msonkho pa phindu lotsalalo. Kalatayo inangonena chiwerengero chatsopano popanda kufotokoza kuti chachokera kuti, choncho chinthu choyamba chimene ndinachita ndi kukafunsa. Wogwira ntchito amene ndinamupeza anatembenuza kompyuta yake kuti ndione.

"Bambo, ife tinatenga ndalama zonse zimene zinalowa mu akaunti yanu chaka chimenecho. Zimene munalemba pa fomu n'zochepa kuposa izi."

Anandionetsanso zimene anakana kuchotsera: zovala, maulendo ndi kamera yatsopano. Panalinso nkhani ina imene sindinaiyembekezere. Pafupifupi theka la ntchito zanga zinachokera ku bungwe limodzi, ndiye iwo ankaona ngati ndinali wolembedwa ntchito kumeneko, ndipo wolembedwa ntchito saloledwa kuchotsera zinthu zambiri zimene wabizinesi amachotsera. Ndinapempha kuti zonsezi andipatse polemba. Ichi musachiphonye: zolankhula pa tebulo zimauluka, koma pepala mumapita nalo kunyumba n'kuyankha mfundo ndi mfundo.

Ndinapita kwa mayi wina amene amathandiza anthu pa nkhani za misonkho. Ndinalowa ndili wokwiya, ndikunena kuti abweretse umboni woti ndinabisa ndalama. Mayiwo anandidikira ndimalize.

"Bambo, uwu si mlandu wakuba, kumene boma ndi limene limabweretsa umboni. Kuno chiwerengero chawo chimatengedwa ngati cholondola mpaka inuyo musonyeze kuti chalakwika. Mwabwera ndi chiyani?"

Ndinali nditabwera ndi bokosi la nsapato lodzaza malisiti. Atatenga tingapo n'kuwayang'ana pawindo, ambiri anali oyera mbee. Timapepala ta m'makina tija zilembo zake zimafufutika tikakhalitsa, makamaka pamalo otentha, ndipo langa linkakhala m'galimoto.

Anandipatsa ntchito ziwiri: kulongosola ndalama iliyonse yolowa mu akaunti, ndi kuwerenga zigamulo za makhothi pa nkhani zofanana ndi zanga. Yachiwiriyi ndinaidandaula, poti si ine loya. Koma zigamulo zambiri zili pa intaneti, zaulere, ndipo ukazolowera umadziwa podumpha. Umayamba ndi ndime zofotokoza zimene zinachitika, kuti uone ngati zikufanana ndi zako, kenako n'kupita kumapeto kukaona amene wapambana, n'kubwerera pakati kukafuna chifukwa chake. Mayi aja anandichenjeza zinthu ziwiri. Chigamulo cha dziko lina sichimanga woweruza wa dziko lako, chimangomuthandiza kuganiza, makamaka ngati mawu a lamulo akufanana. Komanso chigamulo chimene wachipeza n'kusangalala nacho chikhoza kukhala kuti chinagubuduzidwa kale ndi khothi lapamwamba. Anandipatsa chitsanzo cha kampani ya Coronation ya ku South Africa, pa nkhani ya msonkho wa phindu la nthambi yake ya ku Ireland: inapambana ku khothi la misonkho, inagonja ku khothi la apilo, Supreme Court of Appeal, mu 2023, n'kudzapambananso ku Constitutional Court, khothi lalikulu kwambiri la dzikolo, mu June 2024. Munthu amene anangowerenga chapakaticho akanapita kukatsutsa atanyamula chigamulo chakufa.

Nkhani ya zovala inathera pa tebulo langa lomwe. Ndinkati suti ziwiri zakuda ndinagulira ntchito basi, chifukwa wojambula safunika kuonekera pagulu. Ndiye ndinawerenga za Ann Mallalieu, loya wa ku Britain, amene mu 1983 anafika ndi mlandu wake ku House of Lords, khothi lalikulu kwambiri la dzikolo pa nthawiyo. Iye ankagula zovala zakuda chifukwa malamulo a kukhothi amafuna zimenezo, ndipo ankanena kuti si zovala zimene akanasankha mwini wake. Anagonja. Oweruza anati chovala, ngakhale uchigulire ntchito, chimakufunditsanso ndi kukubisa maliseche ngati munthu wina aliyense, choncho sungati ndalamayo yagwira ntchito ya bizinesi yokha. Ngati loya anakanika ndi zovala zimene khothi lenilenilo limamukakamiza kuvala, ine wa suti ndikanatani? Ndinaichotsa pa mndandanda. Zinandiwawa, koma dandaulo lodzaza ndi mfundo zofooka limachititsa kuti ndi zamphamvu zomwe azikayikire.

Pa kamera napo wolakwa ndinali ine. Ndinachotsera mtengo wake wonse chaka chimodzi ngati ndagula mafuta, pamene chida chokhalitsa chimachotseredwa pang'onopang'ono, motsatira magawo amene lamulo linaika. Apa sitinatsutse, tinangopempha kuti gawo la chaka chimenecho alilole.

Pa maulendo m'pamene ndinatuluka thukuta. Ndinapeza mlandu wa George M. Cohan, katswiri wa zisudzo ku Broadway, mumzinda wa New York ku America, amene ankawononga ndalama zambiri pa maulendo ndi kuchereza anthu koma osasunga lisiti. Mu 1930 woweruza Learned Hand anagamula kuti ngati zikuoneka kuti munthu anawonongadi ndalama pa ntchito, si bwino kumukanira zonse. Ayerekeze ndalama yoyenera, ngakhale kuti kuyerekezako kuzipondereza iye amene sanasunge mapepala. Ndinathamanga nacho kwa mayi aja ngati ndatola ndalama. Anaseka n'kundiuza kuti ngakhale ku America komweko aphungu anatseka mpata umenewu mu 1962 pa nkhani ya maulendo ndi kuchereza alendo, moti masiku ano amafuna umboni wolembedwa. Komabe mfundo yake inanditsegula maso: lisiti ikafufutika, ulendo umasiyanso mapazi kwina. Chithunzi chilichonse chimene kamera imajambula chimasunga deti ndi nthawi. Ndinakhala usiku unayi ndikutsegula mafoda akale, kulemba tsiku limene ndinajambula, malo ake, invoisi imene ndinatumiza, ndi uthenga wa pafoni umene kasitomala anandiitanira. Pa maulendo ambiri zinthu zinayi zimenezi zinagwirizana. Pa ena atatu ndinalibe kalikonse kupatula kukumbukira, ndipo amenewo ndinawalemba padera, moona mtima.

Ndalama zolowa mu akaunti zinali zosavuta, kungoti zotopetsa. Ndinasindikiza sitetimenti ya chaka chonse n'kumalemba pambali pa mzere uliwonse. Zina zinali zanga zomwe, zochoka ku akaunti yanga yosungira. Ina, yaikulu ndithu, inali ngongole imene achemwali anga anandibwereka pogula kamera ija. Nditawapempha kuti alembe kalata yotsimikizira, anadabwa.

"Achimwene, mpaka kalata? Ndalama ya pachibale?"

Analemba, n'kuwonjezera sitetimenti yawo yosonyeza tsiku limene ndalamayo inatuluka. Ineyo ndinaikapo masiku amene ndinkabweza pang'onopang'ono.

Dandaulo tinalipereka kutatsala masiku atatu. Linali la masamba anayi: nambala yanga ya msonkho, chaka chimene tikukangana, mfundo iliyonse payokha ndi chifukwa chake, ndi ndalama imene ineyo ndikuvomereza kuti ndiyenera kulipira. Ndinapita ndi makope awiri, imodzi anandidindira deti n'kubwera nayo.

Apa pali chinthu chimene ambiri sitichidziwa. Kudandaula sikuimitsa ngongole payokha. M'mayiko ambiri lamulo limati lipira kaye, tizikangana pambuyo, ndipo ku South Africa Constitutional Court inavomereza lamulo lotere mu 2000 pa mlandu wa Metcash, umene unali wa msonkho wa VAT. Choncho ndinalemba kalata ina yopempha kuti gawo limene tikukanganalo asalitolere mpaka nkhani itatha, ndipo gawo limene ndinavomereza ndinalipira nthawi yomweyo. Anavomera, koma anandikumbutsa kuti chiwongoladzanja sichigona.

Yankho linabwera patapita miyezi. Analola ndalama zochoka ku akaunti yanga ina ndi gawo la kamera. Anakana ngongole ya achemwali ponena kuti panalibe mgwirizano wolembedwa pa nthawiyo, anakana maulendo, ndipo anaumirira kuti ndinali wolembedwa ntchito. Kalata yomweyo inanena za ufulu wanga wochita apilo ku bwalo lomva milandu ya misonkho, lomwe ndi loima palokha. Iyi ndinaitsegula ndili chiimire pakhomo.

Fomu ya apilo imafuna zifukwa, ndipo mayi aja anandiuza kuti ndilembe zonse, poti kubweretsa mfundo yatsopano pa tsiku la mlandu kumafuna chilolezo. Kenako tinasonkhanitsa mapepala onse m'faelo imodzi, tsamba lililonse ndi nambala yake, kope ya bwalo, ya ofesi ya msonkho ndi yanga.

Pokonzekera nkhani ya kulembedwa ntchito ndinawerenga zigamulo ziwiri za posachedwapa za ku Britain. Mu March 2023 Gary Lineker, woulutsa mapulogalamu a mpira pa TV, anapambana ku First-tier Tribunal, bwalo laling'ono lomva milandu ya misonkho, pa mlandu wa msonkho wa mapaundi 4.9 miliyoni, koma anapambanira pa mmene mapangano ake ndi BBC ndi BT Sport anasainidwira, zomwe sizinkafanana ndi zanga. Chothandiza chinali cha mu September 2024, pamene Supreme Court, khothi lalikulu kwambiri la dzikolo, inaweruza mlandu wa oimbira mpira aganyu a bungwe la PGMOL, loyang'anira oimbira mpira ku England. Khothi linati ngakhale pangano la masewera amodzi okha likhoza kukhala ndi zizindikiro zoyambirira za kulembedwa ntchito, koma zimenezo sizimaliza nkhani: linabweza mlanduwo ku bwalo laling'ono kuti likaone chithunzi chonse. Chithunzi chonsecho ndi mafunso amene makhothi akhala akufunsa kwa zaka zambiri. Ndani amalamula mmene ntchito igwiridwire? Zida ndi za ndani? Ungatumize munthu wina m'malo mwako? Zikalakwika amaluza ndani?

Tsiku la mlandu tinakhala m'chipinda chokhala ndi tebulo lalitali, oweruza kutsogolo, ife mbali iyi, a msonkho mbali inayo. Ndinalumbira, ndipo woimira ofesi ya msonkho anayamba kundifunsa, mwaulemu koma mosasiya mpata. Anafunsa chifukwa chimene bungwe lija linkandiitana mwezi uliwonse. Ndinayankha kuti linkandiitana ndikakhala ndi mpata, ndipo kawiri ndinakana. Wapampando anakweza mutu.

"Zimenezo zili pa tsamba liti, bambo?"

Manja ankanjenjemera, koma tsambalo ndinalipeza. Ndinawaonetsanso tsiku limene ndinadwala n'kutumiza mnzanga kukajambula, n'kumulipira kuchokera m'thumba mwanga, ndi nthawi imene memori khadi inawonongeka n'kubwereza ntchito yonse popanda kulandira kanthu. Funso lakuti tsamba liti linabwera mwina kakhumi. Pa maulendo atatu aja okumbukira chabe ndinangoti palibe tsamba, wapampando n'kulemba kenakake osayankha.

Chigamulo chinafika polemba. Bwalo linapeza kuti ndinali wodzilemba ndekha, linavomereza ngongole ya achemwali chifukwa masitetimenti awiri aja ankagwirizana deti ndi deti, ndipo linalola maulendo onse amene anali ndi zithunzi ndi mainvoisi. Atatu aja linakana. Chindapusa anachichepetsa, chiwongoladzanja pa gawo lotsalalo chinakhalabe. Ndinafunsa mayi aja ngati tingapitirire nawo atatuwo ku khothi lalikulu. Anati kumeneko amamva za kulakwitsa lamulo, sakawerenganso maulendo, ndipo ndalama ya loya ikanaposa imene ndikulimbirayo.

Ndinalipira zotsalazo sabata yomweyo. Potuluka ku banki anandipatsa kalisiti ka m'makina komweko, ndipo ndisanafike pa galimoto ndinakaika pa chikwama n'kukajambula ndi foni.