Mabwinja a Choquequirao, kumene sitima sifika

Anzanga akamva zoti ndinakafika ku Peru amafunsa chimodzi chokha: "Nanga ku Machu Picchu?" Ndinafikako, ndipo malowo sindingawapeputse. Mzinda wamiyala uja unamangidwa cha m'ma 1450, m'nthawi ya Pachacuti, mfumu ya anthu a mtundu wa Inca. Koma masiku ano umalowa pa ola lolembedwa pa tikiti, n'kutsata njira imene wapatsidwa, kumbuyo kwako gulu lina likudikira kuti lijambule pamene waimapo. Ine mtima unatsalira ku Choquequirao, mabwinja a mzinda wina wa a Inca.

Ambiri amalakalaka Inca Trail, njira yakale ya masiku 4 yotulukira ku Machu Picchu pa chipata cha Inti Punku. Boma limalola anthu 500 okha pa tsiku, kuphatikizapo otsogolera ndi onyamula katundu, choncho malo amatha kutatsala miyezi. Mu February amaitseka. Amene malo awathera amauzidwa kuti adzere njira ya kuphiri la Salkantay, ati kulibe anthu. Zimenezo n'zakale. Phirilo n'lokongola ndithu, mpata wake uli pa mamita pafupifupi 4,600, koma poti aliyense wothawa chigulu amathawira komweko, nakonso kwadzaza.

Ku Choquequirao kulibe sitima, kulibe basi. Galimoto imakudutsitsa pamudzi wa Cachora n'kukakusiya pa Capuliyoc, ndipo ukaima pamenepo phiri limene ukupitako umaliona tsidya lija, ngati pafupi. Pakati pake pali chigwa cha mtsinje wa Apurímac. Umatsetsereka mamita pafupifupi 1,500 mpaka pa mlatho, kenaka n'kukwera omwewo mbali inayo. Kumtsinjeko kumatentha koopsa, ndipo tintchentche toluma timakupeza ukangoima kuti umwe madzi. Pokwera, njira ndi yokhotakhota, fumbi lokhalokha, mthunzi wosowa. Amene amadziwa amanyamuka kusanache. N'chifukwa chake anthu safikako ambiri.

Katundu wanga ananyamula ndi nyulu ya bambo wina wa ku Cachora. Anthu oyendetsa nyuluwa kumeneko amawatchula kuti arriero. Bamboyo ankakwera atavala nkhwayira za tayala, tsaya litatupa ndi masamba a coca, ndipo nyulu ikafika pokhota ankangoiliza likhweru. Ichi n'china chimene ndinakondera njirayi: ndalama unkaipereka m'manja mwa mwini nyulu, kapena kwa mayi wa pamudzi wa Marampata, pafupi ndi mabwinjawo, amene wakuphikira supu ndi kukupatsa pokhoma tenti.

Mabwinjawo ali pa mamita pafupifupi 3,050, kupitirira pang'ono nsonga ya Sapitwa. Hiram Bingham, wofufuza wa ku America amene anatchukitsa Machu Picchu, anafikako mu 1909, zaka ziwiri asanafike ku Machu Picchu, komabe mbali yaikulu ya mzindawo idakali m'nkhalango. Pabwalo lalikulu ndinakhala pansi nthawi yaitali, popanda wondiuza kuti ndisunthe. Kenaka ndinatsika masitepe otsetsereka kwambiri kuseri kwa phiri, kumene kuli minda yomangidwa mosanjikizana. M'makoma a mindayo amisiri anaikamo miyala yoyera pakati pa yotuwa, n'kupanga zithunzi za nyama zotchedwa llama, zoposa 20. Ukayandikira umangoona miyala yosongoka, wina khosi, ina miyendo, itatsinikizidwa bwinobwino. Ukabwerera m'mbuyo m'pamene nyamayo imaoneka, khutu lili chilili. Ntchito yotereyi imafuna kuti uione kawiri katatu, ndipo pamzere wa anthu mwayi umenewo sungaupeze.

Wofuna kupita asankhe nyengo yopanda mvula, May mpaka September, ndipo ayambe wakhala masiku angapo mumzinda wa Cusco, pa mamita 3,400, kuti thupi lizolowere. Mutu wa soroche, matenda obwera chifukwa chokwera pamalo okwera kwambiri, susankha wamphamvu. Ndodo zoyendera musazisiye, maondo amalira potsika kuposa pokwera.

Kwa zaka zambiri boma lakhala likukamba zomanga ngolo zoyenda pa chingwe kudutsa chigwacho. Okalamba ndi odwala miyendo zidzawathandiza, ndipo sindingawamane. Nkhawa yanga ili pa eni nyulu ndi mabanja a ku Marampata, poti alendo azidzangowadutsa pamwamba.

Njirayo sithera pa mabwinjawo. Imapitirira kudzera ku Yanama mpaka kukatulukira ku Machu Picchu, ulendo woposa sabata. Imeneyo ndiyo ndikusungira ndalama.