Tsiku limene ndinapulumutsa mphika wa eni ake

Mnzanga wa m'kalasi ku Chennai, mzinda wa kummwera kwa India, atandiitana kuti tikadye Pongal kumudzi kwawo, kufupi ndi mzinda wa Madurai, ine ndinangomva zakudyazo basi. Pa zonse zimene anafotokoza m'basi ndinatolapo zochepa: chikondwererochi ndi cha Atamil, chimatenga masiku anayi, ndipo amathokoza Surya, mulungu wa dzuwa, chifukwa cha zokolola, pa nthawi imene dzuwalo layamba ulendo wobwerera kumpoto. Januwale wa kwathu nkhokwe zimakhala zili pululu, koma kumeneko mpunga watsopano ndi nzimbe zili mbwee.

Tinafika pa Bhogi, tsiku lotentha mphasa zong'ambika ndi zinthu zina zakutha. M'mawa mwake, tsiku loyamba la mwezi wa Thai pa kalendala ya Atamil, banja lonse linali pabwalo dzuwa lisanatuluke. Amayi anali atajambula kolam, maluwa okongola a ufa wa mpunga, pakhomo penipeni. Ndi tulo m'maso ndinapondapo. Palibe anayankhula, kamwana kena kanangondiyang'ana phazi.

Pamafuwa panali mphika wadothi watsopano, m'khosi mwake atamangamo chikasu ndi masamba ake omwe, nzimbe zitaimikidwa m'mbali. Agogo a mnzanga anathiramo mkaka n'kusonkhezera moto. Anthu onse maso pamphika. Mkaka unayamba kuwira, thovu likukwera, koma wotakasa panalibe. Thovu linafika m'khosi. Zii, anthu angopinda manja!

Inetu ndinaleredwa ndi agogo amene phala likasefukira pamoto, mthiko unkathera pamsana pako. Miyendo inanyamuka yokha. Ndinavula malaya, n'kugwirira mphika uja, kuuphula, kuuzira thovu mpaka linatsika, kenaka ndinaukweza m'mwamba ngati chikho cha mpira, ndikudikira kuwomberedwa m'manja.

Amalume anali ataika kale chigoba cha nkhono pakamwa kuti aimbe. Ana anali atayasamula, okonzeka kukuwa. Onse anauma chomwecho. Agogo anayang'ana mphika, anayang'ana ine wopanda malaya, kenaka anayang'ana dzuwa ngati akulipepesa.

"Aise, bweza msanga!" mnzanga ananong'ona. "Kusefukirako ndiye kumene tadzukira usiku!"

Apa m'pamene ndinamva zimene zinandidutsa m'basi zija. Mkaka ukasefukira ndi chizindikiro chakuti chaka chimenecho pakhomo padzakhala mwanaalirenji. Ena amayang'ananso mbali imene watayikira, ndipo kum'mawa ndiye kwamwayi.

Ndinaubweza zala zikupsa, koma unakhala chopendekeka. Agogo anakolezanso moto osandiyang'ana. Thovu linakweranso, n'kusefukira kumadzulo, kumene ndinaima ine, pa phazi lomwe linaponda kolam lija. Nkhono inalira, khamu lonse "Pongalo Pongal!" Nanenso ndinakuwa kuposa onse, ndikudumpha ndi mwendo umodzi, moti amalume anauza mnzanga kuti mlendoyu wayamba kuumva mwambo.

Mumphikamo anathiramo mpunga watsopano ndi shuga wa nzimbe wabulauni, ndipo gawo loyamba analiika patsamba la nthochi kupereka kwa dzuwa. Ife tinadya pambuyo. Chinakoma, ngakhale ndinkadya ndi zala ziwiri zotsala.

Tsiku lotsatira linali Mattu Pongal, losambitsa ng'ombe, kuzipaka utoto m'nyanga ndi kuziveka nkhata za maluwa. Nditangodzuka kuti ndikathandize, agogo anandigwira dzanja, kundikhazika pakhonde, kundipatsa nzimbe yaitali kuposa ine, n'kuika kamwana kaja kuti kazindilondera.