Lipoti la ulendo wokaphunzira kwa alimi a njuchi a ku Rumphi

Mamembala osankhidwa a kalabu yathu ya alimi a njuchi tinanyamuka pa Kasungu m'mamawa kudzera msewu wa M1. Tinadutsa Jenda, Chikangawa, Mzuzu ndi Ekwendeni, n'kukhotera ku Rumphi mpaka Bolero, njira yolowera ku Nyika. Tinasankha dera limeneli chifukwa makalabu a njuchi anakhazikika kumeneko kalekale, ndipo ena amaloledwa kupachika ming'oma m'nkhalango yotetezedwa mogwirizana ndi a nthambi yoona za nyama zakutchire. Funso lomwe munatituma linali limodzi: bwanji ming'oma yathu njuchi zimalowa bwinobwino koma uchi timapeza wochepa komanso wamadzimadzi?

Yankho lalikulu tinalipeza pa timatabwa ta pamwamba pa mng'oma, pomwe njuchi zimamangirira zisa. Katabwa kalikonse kayenera kukhala mamilimita 32 m'lifupi mwake, osapyola, osaperewera. Umenewu ndi muyeso wa chisa chimodzi pamodzi ndi mpata wodutsamo njuchi zathu za kuno. Katabwa kakakula, njuchi zimamanga mopingasa, chisa chimodzi n'kugwira timatabwa tiwiri kapena titatu. Mlimi akati anyamule, chisa chimang'ambika, uchi n'kutayikira mkati, njuchi n'kulusa. Anzathu a ku Rumphiwo amayesa katabwa kalikonse kasanalowe mumng'oma, ndipo kopindika chifukwa cha thabwa losauma amakataya. Tinatenga timatabwa tathu tingapo kuti tikafanizire, ndipo tambiri tinapezeka totakata. Apa akalipentala athu ayenera kupatsidwa muyeso wolembedwa, osati kungowauza pakamwa.

Pakati pa katabwa kalikonse amadontheza mzere wowongoka wa phula losungunula. Mzerewo umakopa njuchi komanso umazilondolera pomangira. Phula likapakidwa paliponse, nazonso zimamanga paliponse.

Kumalo a ming'oma tinafika dzuwa litapendeka. Ming'oma amaipachika ndi mawaya pakati pa mitengo iwiri, pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi, pamthunzi, yosapendekera mbali. Ikamalendewera, chiuli amalephera kuigwetsa. Mawaya amawapaka girisi kuti linthumbu ndi nyerere zisakwere, ndipo udzu wonse wapansi amalambula moto wolusa usanayambe. Nthambi imodzi yokha yokhudza chivundikiro ndi mlatho wokwanira wa linthumbu, choncho amasadza. M'chilimwe amaika madzi m'beseni pafupi, muli timitengo toteramo njuchi kuti zisamire, chifukwa kusowa madzi ndi chimodzi mwa zothawitsa njuchi.

Kukolola anatisonyeza pamng'oma wodzaza, ndipo apa tinakhalitsa. Anthu amakhala awiri, wina wa utsi, wina wa mpeni, onse atavala zodzitetezera. M'chofukizira amaikamo zitsononkho kapena ndowe zouma za ng'ombe. Pulasitiki ndi nsanza zamafuta n'zoletsedwa chifukwa fungo lake limalowa mu uchi. Amayamba kufukiza pakhomo pang'ono, n'kudikira kamphindi, kenako n'kutsegula kumbuyo, kutali ndi khomo, popeza ana a njuchi ndi mfumukazi amakhala chakukhomo. Amagogoda timatabwa ndi mpeni: kolira ngati chopanda kanthu n'kopanda chisa, ndipo ndi pomwe amayambira. Chisa amachinyamula chili chilili. Ukachigoneka chammbali chimathyoka ndi kulemera kwake.

Amadula zisa zokhazo zomwe njuchi zamata ndi phula, mwina magawo atatu mwa anayi kapena kuposa. Uchi wosamata sunakhwime, madzi ake ndi ambiri, ndipo ndi umene umachita thovu n'kusasa m'botolo. Uchi wabwino madzi ake sapyola 20 peresenti. Akadula amasiya kachisa kokwana chala chimodzi pakatabwa kuti njuchi zipitirize mowongoka. Akafika pa chisa cha ana amalekeza pomwepo, ndipo amasiyako uchi wina woti njuchi zidye. Kunena zoona, ambiri mwa ife timakokolola zonse, ndiye sitingadabwe njuchi zikasamuka mwezi wotsatira.

Posefa sagwiritsa ntchito moto ngakhale pang'ono. Amaphwanya zisa m'ndowa youma ya pulasitiki yosungira chakudya, n'kuthira pansalu yoyera yomangidwa pandowa ina yokhala ndi chivundikiro. Uchi umadontha wokha usiku wonse, kenako amausiya masiku awiri kapena atatu kuti tizinyalala tiyandame, n'kutiwengula. Zisa zakuda kapena za mungu amazisefa padera. Zotsalira sataya: amazitsuka, n'kuzisungunula m'madzi otentha, n'kusefa. Phula likazizira limauma pamwamba pa madziwo, ndipo lina amagulitsa, lina n'kukopera njuchi m'ming'oma yatsopano.

Pa zamalonda sitinakambirane zambiri chifukwa nthawi inatha. Chomwe tinaona n'choti amasonkhanitsa uchi pamodzi, mlembi n'kulemba makilogalamu a membala aliyense, ndipo mng'oma uliwonse uli ndi nambala yake m'kaundula.

Komiti yagwirizana kuti pamsonkhano ukubwerawu membala aliyense abwere ndi timatabwa ta ming'oma yake yopanda njuchi kuti tidzatiyese, komanso phula lomwe ali nalo. Amene ming'oma yawo ili ndi zisa zopingasa kale alembetse kwa mlembi, kuti gulu liziyendera mng'oma umodziumodzi madzulo nyengo yokolola isanafike.