Misonkhano yodzidzimutsa ya nthawi yoweruka

Lachitatu lina ndili m'minibasi yopita ku Area 25, nditapanikizika pakati pa mayi wonyamula thumba la ufa ndi mwana wa sukulu, foni inalira. Unali uthenga wa pagulu lathu la WhatsApp la kuntchito: "Tikumane pa Zoom 6 koloko, mphindi khumi zokha." Aliyense amene anagwirapo ntchito mu ofesi akudziwa kuti mphindi khumi zoterezi zimatha ola lathunthu.

Msonkhanowo ndinaulowa nditakhala pakhonde, magetsi atazima, bandulo nditagula ndi ndalama ya m'thumba mwanga, mwana akundikoka chitenje kuti ndikamupakulire nsima. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti nkhani yake inali ya lipoti lofunika sabata yotsatira, lomwe likanatha kudikira mpaka m'mawa popanda vuto lililonse.

Sindikunena kuti anzangawo ndi ankhanza. Ena mwa amene timagwira nawo ntchito ali ku London, ndipo m'miyezi ya Disembala ndi Januwale, ikamakwana 4 koloko kwawo, kuno imakhala 6 koloko. Iwo amaona kuti tsiku likadalipo. Vuto lili ndi ife a kuno, amene timavomera msanga poopa kuoneka aulesi kapena amwano, makamaka pempho likachokera kwa munthu wamkulu kwa ife. Komatu lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limanena kuti maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo owonjezera pa tsiku wamba azilipidwa kamodzi ndi theka. Msonkhano wa pafoni umadya nthawi ya munthu chimodzimodzi ndi wa m'chipinda, kungoti palibe amene amaulemba.

Lamulolo sindinalitchule kwa wina aliyense, chifukwa kuyamba ndi malamulo kumaumitsa mitima. Tsiku lotsatira ndinagogoda kwa mkulu wathu n'kunena kuti, "Bwana, ikadutsa 5 koloko ndimakhala panjira, ndipo sindimva bwino zokambirana. Pakakhala chofunika, mundilembere, ndiyankha 8 koloko m'mawa." Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anati, "Chabwino mayi, tiona."

Kuyambira pamenepo uthenga wotere ukabwera ndimafunsa funso limodzi: kodi pali chomwe chiwonongeke usiku uno tikapanda kukumana? Galimoto ya kuntchito itawonongeka usiku anzathu ali kumudzi kutali, ndinayankha foni osanyinyirika, chifukwa imeneyo ndi ngozi yeniyeni. Koma wina akaiwala kukonzekera masana onse, ndimamupatsa nthawi ziwiri za mawa kuti asankhepo.

Sabata zoyamba ena anandinena kuti ndayamba matama, ndipo mmodzi anasiya kundipatsa moni kwa masiku angapo. Mwezi usanathe, yemweyo ndi amene analemba pagulu kuti, "Ine ndili pa kabaza, tikambirane mawa."