Zolemba za Zidindo Zanga: Mwezi Wachisanu ndi Chinayi, Sera Yayamba Kugwira

Papita miyezi isanu ndi inayi chiyambireni kusonkhanitsa zidindo zakale ndi kuyesa kupanga zanga pamanja, ndipo mwezi uno wa Julayi ndiwo woyamba umene sera yanga yagwira pa pepala monga ndinkafunira. M'bokosi langa tsopano muli zidindo zamphira zisanu ndi ziwiri zimene eni ake anasiya kugwiritsa ntchito, mapepala akale 31 okhala ndi zidindo kapena zala zodinda, ndiponso mapale adongo anayi amene ndinaumba ndekha. Kuzizira kwa kuno ku Mzuzu, kumene anthu ambiri akudandaula nako, ine kwandithandiza, pakuti sera ikuuma msanga ndipo mizere ya chidindo ikutuluka yakuthwa.

Amene munawerenga zolemba zanga za mwezi wa Epulo mukumbukira kuti ndinkasungunula makandulo a m'sitolo, ndipo chidindo chilichonse chinkasweka pepala likangopindika pang'ono. Anthu a ku Ulaya a zaka mazana apitawo ankagwiritsa ntchito sera ya njuchi yosakaniza ndi utomoni wa mitengo, choncho nanenso ndinatsata njira yomweyo. Sera ndinagula kwa mayi wina wogulitsa uchi amene amachokera cha ku Nkhata Bay, ndipo utomoni wa paini anandibweretsera msuweni wanga kuchokera ku Chikangawa. Nditayesa kasanu ndi kamodzi, ndapeza kuti magawo awiri a sera ndi gawo limodzi la utomoni ndiwo muyeso umene ukundiyendera bwino: utomoni ukachuluka chidindo chimathetheka ngati galasi, ukachepa chimakhala chofewa moti chala chimasiya dzenje. Ndimasungunulira m'kachitini kamene ndimakaika m'poto wa madzi otentha pa mbaula, chifukwa utomoni ukakhala pamoto mwachindunji umapsa, n'kuda bii. Kuti mtundu ukhale wofiirira ndimathiramo ufa wa njerwa yootcha wosefa ndi kansalu. Ndikatsanulira pa pepala ndimawerenga mpaka 20, kenaka ndimanyowetsa chidindo pang'ono ndi madzi kuti chisamatirire, n'kusindikiza kamodzi kokha popanda kugwedeza dzanja.

Chidindo chimene ndikusindikizira ndinachisema pa kachidutswa ka mlombwa. Choyamba chinawonongeka chifukwa ndinazokota zilembo molunjika monga timalembera m'kope, ndipo pa sera zinatuluka zotembenuka. Amene anandiwongolera ndi bambo wina wachikulire amene amasema zidindo zamphira ndi lumo pafupi ndi msika waukulu. Atachitembenuza m'manja mwake anandiuza kuti, “Mwana wanga, lemba kaye ndi pensulo yofewa pa pepala, uligwadike pa mtengowo n'kutikita kumsana kwake. Zimene zatsalira pa mtengo ndizo uzitsata ndi mpeni.” Anandionetsanso kusiyana kumene sindinkakulabadira: pa chidindo cha inki amachotsa mphira wozungulira zilembo kuti zilembozo zitsale zotukuka, pamene pa chidindo cha sera zilembo ndizo zimakumbidwa, kuti sera ilowe m'maenjemo n'kutuluka yotukuka. Chidindo champhira chimene timachiona m'maofesi monse si chakale kwenikweni. Chinatheka Charles Goodyear atapeza njira yolimbitsira mphira ndi sulufule, imene anailembetsa mu 1844, ndipo zidindo zotere zinayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1860. Ndikamadutsa m'minda ya mitengo ya mphira ya ku Vizara popita kunyanja, tsopano ndimaiona ndi maso ena.

Ntchito imene yanditengera nthawi yambiri ndi ya zidindo zogubuduza za ku Mesopotamia, dera limene lero kwakukulu ndi dziko la Iraq. Cha m'ma 3500 Khristu asanabadwe, anthu a kumeneko ankazokota zithunzi mozungulira kamwala kooneka ngati kampukutu, kobooledwa pakati kuti kalowe chingwe, ndipo mwini wake ankakavala m'khosi kapena pamkono. Pofuna kutsimikizira pangano kapena kutseka mtsuko wa katundu, ankakagubuduza pa dongo lonyowa, chithunzi n'kumabwerezeka mpaka pamene dongolo lathera. Changa ndinasema pa kachidutswa ka mpini wa tsache, ndipo dongo ndinakatapa m'mbali mwa mtsinje wa Lunyangwa. Dongo likakhala lonyowa kwambiri limamatirira m'mizere, likauma silimva kanthu. Nthawi yabwino ndi pamene lalimba ngati chikopa chofufuta, ndipo m'nyengo ino zimatenga pafupifupi usiku umodzi.

Powerenga za mapale a ku Mesopotamia ndinapeza mfundo imene yandikhudza kuposa zina zonse. Munthu amene analibe chidindo ankasindikiza chikhadabo chake pa dongo, kapena mphonje ya chovala chake, ndipo mlembi ankalemba pambali kuti chizindikirocho n'cha uje. Nditawerenga zimenezi ndinatulutsa pepala limene linayambitsa chidwi changa chonsechi, la chaka cha 1974, limene agogo anga aakazi anagulitsira ng'ombe kwathu ku Mzimba. Ndi tsamba long'ambidwa m'kope la sukulu, lopindidwa kanayi, ndipo m'munsi mwake muli zizindikiro zitatu. Kumanzere kuli chala chamanthu cha agogo, chodindidwa ndi inki yofiirira imene yazilala, ndipo pakati pa mizere yake pakuoneka kachipsera kamene anadzicheka ndi chikwakwa ali mtsikana. Pakati pali siginecha yokhotakhota ya mphunzitsi amene analemba kalatayo ndi kuikira umboni. Kumanja kuli chidindo chozungulira cha mfumu, chimene chinadindidwa mopendekeka moti theka la mawu ake silikuwerengeka.

Agogo ankachita manyazi ndi chala chimenecho. Ndili mwana anandiuza kuti, “Mdzukulu wanga, uphunzire kulemba dzina lako, usadzadinde chala pagulu ngati ine.” Ndinaphunziradi, ndipo ndikuwathokoza, koma ndikanakonda akanakhala moyo kuti ndiwauze kuti manyaziwo sanali oyenera. Kulemba dzina monga umboni wa pangano ndi mwambo umene unafala mochedwa kwambiri. Zithunzi zambiri zimaonetsa Mfumu John ya ku England itagwira nthenga ikusaina Magna Carta, chikalata chochepetsa mphamvu za mfumu, ku Runnymede mu 1215, koma chikalatacho sichinasainidwe. Chinatsimikizidwa ndi chidindo chachikulu cha ufumu, chosindikizidwa pa sera mbali zonse ziwiri, mbali ina mfumu ili pa mpando wachifumu, mbali ina ili pa kavalo, ndipo chinkalendewera m'munsi mwa chikopa cholembedwacho. Apapa nawonso ankatsimikizira makalata awo akuluakulu ndi chidindo cha mtovu. Ku England lamulo lofuna kuti mapangano ena, monga ogulitsa malo, azilembedwa ndi kusainidwa linakhazikitsidwa mu 1677. Ku Japan mpaka lero anthu ambiri ali ndi kachidindo ka dzina lawo kotchedwa hanko, ngakhale kuti kuyambira mu 2020 boma la kumeneko lakhala likuchepetsa mapepala ofuna chidindocho.

Pa zizindikiro zitatu za pa pepala la agogo, chala chawo ndicho chovuta kwambiri kuchikopera. Siginecha ya mphunzitsi munthu waluso angaiphunzire masana amodzi, ndipo chidindo cha mfumu chingabedwe kapena kusemedwa china, monga Yezebeli analembera makalata m'dzina la Ahabu n'kuwadinda ndi chidindo cha mwamuna wakeyo kuti Naboti aphedwe. William Herschel, amene ankagwira ntchito ya boma la Britain ku Bengal, mu 1858 anauza wamalonda wina wa kumeneko, Rajyadhar Konai, kuti adinde chikhatho chonse pa pangano lopereka zipangizo zomangira msewu. Poyamba cholinga chake chinali kungomuopsa kuti asadzakane panganolo, koma pambuyo pake anazindikira kuti mizere ya zala sisintha munthu akamakula, ndipo katswiri wina wa ku England, Francis Galton, anadzafotokoza zimenezi mwasayansi mu 1892.

Komabe sindifuna kukometsera nkhaniyi mopitirira, chifukwa mbiri ya dziko lathu lomwe ili ndi mbali yowawa. Mu 1889 Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anayenda m'mbali mwa nyanja akupangana mapangano ndi mafumu, kuphatikizapo Jumbe wa ku Nkhotakota, ndipo mu 1891 dziko lino linalengezedwa kuti lili pansi pa chitetezo cha Britain. Pa mapangano ambiri a nthawi imeneyo mu Africa, mfumu inkangolemba kamtanda, mlembi n'kuika dzina lake pambali, pamene mawu onse anali m'Chingerezi ndipo ankadalira womasulira. Makalata a umwini wa malo otchedwa Certificates of Claim, amene Johnston anapereka kwa azungu ndi makampani m'zaka za m'ma 1890, anatsamira pa mapepala ogulira malo okhala ndi zizindikiro zoterezi. Kamtandako kangakhale kenikeni, kolembedwa ndi dzanja la mfumu yomwe, koma sikatiuza ngati mfumuyo inamva kuti ikupereka nthaka kwamuyaya kapena ikungoloza mlendo malo olimapo monga mwa mwambo. N'chifukwa chake ndimalemekeza kwambiri sukulu za mishoni ya Livingstonia, imene Robert Laws anaisamutsira ku Khondowe mu 1894 itachoka ku Bandawe. Anthu ophunzira kumeneko, monga Levi Mumba, ndiwo anayambitsa bungwe loyankhulira anthu akuda la North Nyasa Native Association mu 1912, ndipo ankalembera boma makalata amene analemba okha, kuwawerenga okha ndi kuwasaina okha.

Pepala la agogo likusiyana ndi mapangano amenewo pa mfundo imodzi yokha: linalembedwa m'Chitumbuka, chinenero chimene iwo ankalankhula, ndipo linawerengedwa mokweza pamaso pa anthu a m'mudzi amene ankaidziwa ng'ombeyo ndi mtengo wake. Mayi anga, amene analipo tsikulo, amakumbukira kuti mphunzitsiyo anawerenga kawiri, ndipo agogo anamuimitsa kuti awonjezere mawu akuti thole silili m'gulu la zogulitsidwa. Mawu owonjezerawo akuonekadi pa pepalapo, opanikizidwa pakati pa mizere iwiri. Dongosolo lotere ndi lakale ndithu. Pa Yeremiya 32 mneneriyo akugula munda ku Anatoti kwa Hanameli ndi masekeli 17 a siliva, akulemba chikalata, akuchimata ndi chidindo, akuitana mboni, ndipo akupereka kwa Baruki makalata awiri, womata ndi wosamata, kuti asungidwe mumtsuko wadothi. Wosamata unali woti aliyense awerenge, ndipo womatawo unali woti udzatsegulidwe pakabuka mkangano. Sabata yatha ndinayesa kupanga makalata awiri otere, wina ndinaukulunga n'kuumanga ndi ulusi, n'kumata mfundo yake ndi kambulumbwa ka dongo, ndipo ndaona kuti n'zosatheka kuumasula popanda kuswa dongolo.

Njira zonsezi zikugwirabe ntchito pamodzi m'dziko muno, ndipo ndayamba kulemba m'kope paliponse pamene ndazikumana. Gawo 90 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti zimene Pulezidenti wagamula zizilembedwa ndi kusainidwa, ndipo siginecha yakeyo izitsimikizidwa ndi chidindo cha boma. Lamulo la mu 2016 lokhudza zochitika za pa intaneti linavomereza siginecha ya pa kompyuta, pamene kalembera wa ziphaso za unzika wa mu 2017 anatenga zala za tonsefe, ophunzira ndi osaphunzira omwe. Pa nthawi yomweyo, munthu wa kumudzi amene akufuna thandizo ku ofesi amafunsidwabe kalata ya mfumu yokhala ndi chidindo.

Mapepala anga ndawachotsa m'mapulasitiki amene ndinkasungiramo, chifukwa chinyontho cha kuno chinayamba kubweretsa nkhungu m'mphepete mwa awiri a iwo. Tsopano lililonse lili pakati pa mapepala oyera m'bokosi la matabwa, kutali ndi khoma ndi dzuwa, popeza inki yofiirira ya zidindo zakale imazilala msanga ikaona kuwala. Mwezi wa mawa ndikufuna kusema chidindo cha mbali ziwiri cholendewera pa chingwe, chonga cha Mfumu John, ndipo vuto limene ndikuliona kale ndi la kulunjikitsa matabwa awiriwo kuti zithunzi zisapendekeke. Bambo wa kumsika uja wandilangiza kuboola timaenje titatu m'mphepete n'kulowetsamo timisomali tolondolera. Ndikusunganso ndalama za ulendo wa ku Zomba, ku nyumba yosungirako zikalata zakale za dziko lino, kuti ndikapemphe kuona mapepala a nthawi ya atsamunda okhala ndi zizindikiro za mafumu. Ngati wina wa inu ali ndi kalata yakale ya mfumu kapena ya mpingo yokhala ndi chidindo, sindikupempha kuti andipatse. Chithunzi cha chidindo chokha, mayina a anthu ataphimbidwa, pamodzi ndi chaka ndi dera limene chinadindidwira, chindikwanira.